Tsiku limene nkhuku zinaweruza mbewu ya amayi

Khitchini yathu ndi yaudzu, ndipo munthu akamalowamo amawerama kuti asagunde chimanga cha mbewu chimene amayi amapachika kudenga, pamwamba penipeni pa moto. Pokolola amasankha chachikulu ndi chodzadza bwino, amasenda makoko osawathothola, n'kumanga ziwiriziwiri ndi makoko omwewo. Chimakhala pamenepo chilimwe chonse chikuda ndi utsi mpaka mvula itagwa. Mayi aliyense m'mudzi mwathu kuno ku Mkanda amatero. Kusiyana kwake n'kwakuti chathu ukachipukuta mwaye ndi chala sichituluka choyera. Ndi cha olenji, ngati mkati mwa dzungu.

Anabwera nacho ndi malemu bambo anga. Iwo ankayenda ndi mathiraki opita ku Zambia, ntchito yawo inali yomanga katundu ndi kuthandiza dalaivala, ndipo ulendo wina anabwera ndi zimanga zingapo m'chikwama, atapatsidwa ndi mlimi wina wa mbali inayo ya malire. Ine ndinali ndisanayambe sukulu. Kuyambira pamenepo amayi akhala akuchibzala chaka ndi chaka. Chaka chimene ndikunenachi, ndili fomu 3, mbewu ina analibe. Zimene zinali kudengazo ndizo zinali munda wathu wonse wa dzinja lotsatira.

Mlendo anabwera mu Okutobala, nthawi imene mizere inali itatha kale ndipo aliyense ankangoyang'ana kumwamba. Anafika Loweruka m'mawa pa galimoto yoyera kudzayankhula ndi gulu la amayi a ulimi, limene limakumana pansi pa chigafa cha fodya pafupi ndi mjigo. Uthenga unati akubwera ndi nkhani ya sayansi ya chakudya, n'chifukwa chake ndinawatsatira amayi. Ndimakonda bayoloje kuposa phunziro lina lililonse, ndipo ndinkaganiza kuti ndikaona munthu wogwira ntchito imene ndimailota.

Anatsika atavala nsapato zoyera, n'kumaponda mosamala ngati pabwalo pali matope, chikhalirecho panali fumbi lokhalokha. Anatitcha makolo ake. Dzina la bungwe lake linali lalitali, lachingerezi, ndipo analinena kawiri, kachiwiriko mokweza. Kenako anayamba kufotokoza kuti kuli mbewu zimene azungu amazisintha chibadwa mu labotale, zotchedwa GMO. Pofika masana mudzi wonse unali ukuti jiyemo. Anati wodya mbewu zimenezi amadwala khansa, amuna amasiya kubereka, ana amabadwa ogona m'mutu. Anati zinalowa kale m'dziko muno mozemba kudzera m'malire. Sanatchule munthu amene anadwala, kapena chipatala chimene chinamuona. Akamaliza mfundo iliyonse ankamwako chakumwa chofiira cha m'botolo, ndipo sindikhulupirira kuti anadzifunsapo kuti kufiira kwa chakumwacho kunachokera kuti.

Atatero anatulutsa foni kuti iyende m'manja. Munali zithunzi za makoswe oyera okhala ndi zotupa zikuluzikulu pamimba ndi m'khosi. Amayi ena ankagwira pakamwa, ena kulavulira pambali. Foni itafika kwa ine ndinakweza dzanja monga timachitira m'kalasi, n'kufunsa kuti makoswewo ndi akuti ndipo anawayeza ndani. Iye anamwetulira n'kunena kuti mafunso akhale kumapeto. Kumapetoko sikunafike.

Amene anaimirira ndi aneba athu, omwenso ndi apampando a gululo. Munda wawo unagundana ndi wathu. Anati kwa zaka zingapo tsopano chimanga chawo choyera chikutuluka ndi maso a olenji apo ndi apo, makamaka m'mizere ya kufupi ndi ife, ndipo mavenda amachinyoza kuti n'chosakaniza. Anafunsa ngati imeneyo si jiyemo imene ikufalikira. Nkhope ya mlendoyo inawala ngati ya munthu amene wapeza chimene anawotchera mafuta kuchokera ku Lilongwe.

Amayi anapita okha kukatsitsa zimanga ziwiri zomangana. Pobwera ankazipukuta ndi nsonga ya chitenje kuti zioneke bwino pamaso pa mlendo, ndipo kupukuta kumeneko ndikakukumbukira mtima umandiwawa mpaka lero. Iye anazilandira ndi zala ziwiri. Atamva kuti mbewuyo inachokera ku Zambia anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako anakweza chimodzi m'mwamba, akuchitembenuza.

"Makolo anga, taonani nokha. Palibe bowo ngakhale limodzi. Ngati nankafumbwe akuchiopa, inu ana anu mukuwadyetsa chiyani?"

Anthu anawomba m'manja. Pansi pa chigafacho panalibe mayi wosadziwa chifukwa chimene timapachikira mbewu pa utsi. Aliyense anali atasiya yakeyake ili lende kudenga, yakuda bii, yopanda bowo. Koma munthu wa nsapato zoyera atayankhula, onse anaiwala makhitchini awo.

Kenako anati achita kafukufuku pamaso pathu. Pafupi ndi mjigo panali nkhuku za aneba zikupalasa. Anatapa chimanga choyera chotonola kale m'lichero la mayi wina amene anali pa ulendo wa kuchigayo, n'kuchimwaza pamapazi pa nkhukuzo. Chathu anachiponya chathunthu, chili pachitsononkho, ndi mwaye wake wotsalira, kutali pafupi ndi tayala la galimoto. Nkhuku zinachita zimene nkhuku iliyonse ingachite. Zinajompha chimene chinali pafupi, chimene sichinkafuna ntchito.

"Nkhuku sinapite kusukulu, koma poizoni imamudziwa," anatero.

Kunamveka nthungululu. Iye anajambula nkhukuzo, anajambulanso amayi anga atazyolika, n'kutenga chimanga chinacho kuti akachiyeze ku labotale. Chakudya chimene amayi a gulu anamuphikira kuyambira m'mamawa sanachikhudze. Anati ali ndi pulogalamu ina ku Boma. Fumbi la galimoto lisanakhazikike, apampando anali atagamula kale kuti Loweruka lotsatira mbewu yonse ya olenji idzabwere pachigafa idzatenthedwe mvula isanagwe.

Ndinkayembekeza kuti tikafika kunyumba amayi akwiya. Sanakwiye. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana azing'ono anga akusewera, kenako anandifunsa chapansipansi ngati chifuwa chimene wotsiriza wathu anadwala m'nyengo yozizira sichinachokere ku phala. Anati mwina bambo anapatsidwa chinthu chimene sankachidziwa. Tsiku lomwelo anamanga thumba la ufa wathu n'kuliika kuseri kwa chitseko, ndipo sabata imeneyo tinadya mbatata ndi ufa woyera wopempha. Zimenezi ndi zimene sindimukhululukira munthu uja. Anakhala m'mudzi mwathu kanthawi kosakwana kuphika nyemba, koma anasiya mayi amene walera ana yekha akudziyesa wakupha.

Lolemba ndinapalasa njinga msanga kuti ndikawapeze madamu a bayoloje asanalowe m'kalasi. Ndinawafotokozera zonse. Pa nkhani ya nkhuku anaseka mpaka kugwira tebulo, koma nditanena za moto wa Loweruka anasiya kuseka, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Anati mbewu zosinthidwa chibadwa zilikodi, si nthano ayi, ndipo pali mafunso enieni amene mlimi ayenera kufunsa: mwini wake wa mbewuyo ndani, kodi n'zololedwa kuisunga n'kubzalanso, anaiyeza ndani, ndipo zimene anapeza zili poyera kapena ayi. Mbewu iliyonse yotere imayenera kuyezedwa payokha. Koma munthu sangaizindikire poiyang'ana. Ikhoza kukhala yoyera ngati ya aneba athu. Maonekedwe a olenji amachokera ku chinthu chomwe chija chimene chili mu dzungu ndi m'mbatata yofiira mkati, chimene thupi limapangira vitamini A, ndipo chimanga chotere anthu akhala nacho kuchokera kale popanda labotale. Za makoswe anati anawerengapo za zithunzi zoterozo. Makoswe a mtundu umenewo amatuluka zotupa okha akamakalamba, kaya adya chiyani, choncho chithunzi cha khoswe wotupa sichinena kanthu ngati sunaone anzake amene anadya chakudya wamba, ndiponso ngati sukudziwa kuti onse analipo angati. Anawonjezera kuti mlendoyo anasankha dziko lolakwika loliopa, poti Zambia inadziwika ndi kukana chimanga chosinthidwa ngakhale pa nthawi ya njala.

Ndinawapempha kuti abwere adzanene zomwezo kumudzi. Anapukusa mutu.

"Chimanga chanucho sindinachiyeze, ndiye sindingalumbire pamaso pa anthu. Ndikatero ndifanana naye. Koma za nkhukuzo ukhoza kubwereza wekha. Usinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zifanane. Ndipo usanayambe, uwauze anthu chimene chikachitika ndiye kuti wolakwa ndiwe."

Mawu omalizawo anandiopsa sabata yonse. Mlendo uja sananene chimene chikanamutsutsa. Nkhuku zikanadya chathu, ndikudziwa akanati taonani, chikunyenga ndi nkhuku zomwe. Ine ndinayenera kuimirira pamaso pa amayi a m'mudzi n'kunena kuti nkhuku zikachikana, machesi ndiyatsa ndekha.

Lachisanu madzulo ndinapita kwa aneba. Ndinagwada monga mwa ulemu, n'kupempha zinthu ziwiri: chimanga chawo cha mbewu chochokera kudenga la khitchini yawo, ndi kuti nkhuku zawo asazitsekulire m'mawa mpaka nthawi ya msonkhano. Ndinafuna nkhuku zawo, osati zathu, kuti wina asadzanene kuti zathu zinazolowera. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti sukulu za masiku ano zikuphunzitsa ana kutsutsa akuluakulu. Komabe anavomera. Ndikuganiza kuti ankafuna kuti ndichite manyazi pagulu nkhaniyo itheretu.

Loweruka tinapeza udzu wouma ndi mapesi ataunjika kale pabwalo. Amayi anasenza mbewu yonse m'dengu, n'kuitula pafupi ndi muluwo, n'kukakhala kumbuyo kwa anzawo. Ndinapempha apampando mwayi woyankhula. Ndinanena lonjezo langa la machesi, ndipo ena anaseka.

Poyamba ndinayendetsa m'manja chimanga cha aneba, chakuda ndi mwaye ngati chathu, n'kupempha kuti aliyense afunefune bowo la nankafumbwe. Sanalipeze. Kenako ndinatulutsa cha olenji chimene ndinatenga pansi pa nkhokwe yathu, kumene utsi sufika. Chinali chobowokabowoka, ufa ukuyoyoka, tizilombo tikutuluka m'manja mwanga. Moyo wanga wonse sindinasangalalepo ndi nankafumbwe ngati tsiku limenelo. Mayi wina wachikulire anati, "Iii, koma ndi utsi ujadi," ngati wakumbukira dzina la mwana wake.

Aneba atatsekulira nkhuku zawo n'kuzikusira pabwalopo, ndinaika zimanga ziwiri zathunthu zamwaye, choyera ndi cha olenji, motalikirana mofanana. Nkhuku zinazizungulira, zinajomphako apa ndi apo mwaulesi, n'kumandiyang'ana. Ndiye ndinatonola zonse ziwiri, dzanja limodzi ichi, dzanja limodzi icho, n'kuthira milu iwiri. Zinagawikana, zina uku zina uko, ndipo milu yonse inatha. Ndinasinthanitsa mbali n'kuthiranso, kuopa kuti mwina zimakonda kumthunzi. Inathanso. Ndinabwereza ndi chopanda utsi, kenako n'kusakaniza zonse mulu umodzi. Thadzi lina la mawanga linkasankha maso a olenji okhaokha, likuthamangitsa anzake, ndipo amayi ena anayamba kulichemerera. Pamapeto pabwalo panalibe njere ngakhale imodzi, ndipo tambala ankajompha chitsononkho chopanda kanthu.

Ndinayang'ana kwa amayi. Anali atasuntha n'kukhala kutsogolo.

Apampando anakonza duku lawo, n'kunena kuti, "Nkhuku ndi nkhuku, mwana iwe. Zimadya ndi mphemvu zomwe. Tingamange nkhani ya moyo wa anthu pa nkhuku?"

Ndinawayankha kuti akunena zoona, ndipo ndi zomwezo zimene ndinabwerera. Sabata yathayo nkhuku zomwezi zinali madokotala, zinaimbiridwa nthungululu. Lero zadya chimanga cha amayi, zabwerera kukhala nkhuku. Zomalizazi sindinanene mokweza, koma panali ena amene ananena m'malo mwanga.

Apampando sanafune kugonja asanamve kwa mwini nkhani. Anamuimbira foni mlendo uja n'kuikweza kuti tonse timve. Anamufotokozera zimene zachitika, n'kufunsa zotsatira za ku labotale. Iye anati zinthu zotere zimatenga nthawi. Anati nkhuku zanjala si umboni, ngati kuti za sabata yatha zinabwera ndi kalata ya kuchipatala. Kenako anafunsa kuti wachita zimenezi ndani, ndipo atamva kuti ndi mwana wa sukulu anati makampani a mbewu analowerera kale m'masukulu, asamale, mwanayo angakhale kuti anagulidwa.

Mayi wachikulire uja anayang'ana masilipasi anga omangidwa ndi waya, n'kunena kuti, "Amene anamugulayo ndiye womana zedi." Chigafa chonse chinaphulika. Mlendoyo anati ali mu miting'i, n'kudula foni.

Koma nkhani inali isanathe. Aneba anatulutsa m'chitenje chimanga chawo china, choyera chokhala ndi maso a olenji omwazikana, n'kuchiika m'manja mwanga.

"Nanga ichi? Ichinso uti ndi utsi?"

Apa ndinayenera kunena zimene sizinkatikomera. Ndinati ayi, chimenecho chikuchokeradi kwa ife. Mungu wa kungayaye za chimanga chathu umauluka ndi mphepo n'kugwera pa ndevu za chimanga chawo, ndipo njere imene walowamo imatenga maonekedwe athu. Si matenda, ndipo munthu akadya sadwala. Chimanga chilichonse chimatero ndi chinzake choyandikana nacho, kungoti zoyera zokhazokha zikakwatirana palibe amene amaona. Koma ngati mavenda akuchinyoza, ndiye kuti dandaulo lawo ndi loona. Pa zonse zimene zinanenedwa pansi pa chigafa chija masabata awiriwo, chimenechi chokha ndicho chinali ndi umboni wogwirika, ndipo mlendo wa sayansi uja sanachifotokoze n'komwe. Anangochitola ngati chikuni chosonkhezera moto wake.

Amayi anaimirira.

"Aneba, mukanandiuza kalekale pa mjigo. Chaka chino ndikachibzala kuseri kwa mabulugama, komwe kunali mtedza. Kufupi ndi inu ndiika soya. Koma mbewu ya malemu bambo a anawa sindiwotcha."

Sanadikire yankho. Anawerama n'kusenza dengu lawo. Apampando anang'ung'udza kuti aona mmene zikhalire, ndipo amayi ena anayamba kugawana mapesi aja kuti akasonkhere moto kwawo. Masana omwewo amayi anamasula thumba la ufa lija kuseri kwa chitseko, ndipo anaphika phala ngakhale sinali nthawi yake.

Chimanga chimene mlendo anatenga sichinabwerere, zotsatira zakenso sitinazimve. Patapita milungu ingapo mnzanga wa m'kalasi anandionetsa pa foni ya achimwene ake chithunzi chimene chinkazungulira m'magulu. Chinali chimanga chathu chija pafupi ndi tayala, ndipo pansi pake analemba kuti chapha nkhuku zambiri ku Mchinji. Thadzi la mawanga lija nthawi imeneyo linali likufungatira mazira kuseri kwa nkhokwe ya aneba. Madamu ataona chithunzicho anandifunsa ngati ndikufunabe kudzagwira ntchito mu labotale. Ndinati tsopano ndiye kwambiri, chifukwa ndikufuna kuti mayi akadzapereka chimanga chake kuti chikayezedwe, chizikayezedwadi, ndipo yankho lizibwerera kwa iye, kaya ndi lokoma kaya ndi lowawa.

Munda wa kuseri kwa mabulugama uli kutali, ndipo njira yake imadutsa padambo poterera. Mvula yobzalira itagwa tinapita tonse, amayi akukumba mapando, ine ndikuponya mbewu, azing'ono anga akukwirira ndi mapazi. Manja anga anada ndi mwaye. M'mawa mwake tinapeza mizere ya kumapeto itafukulidwa. Nkhwali ndi akhwangwala anali atafukula njere zathu n'kudya, ndipo tinachita kubwerezamo ndi mbewu imene inatsala pansi pa dengu. Amayi anamanga nsanza ndi mapepala a pulasitiki pa timitengo, akukalipira mbalamezo kuti nazonso zikanapita ku msonkhano zikamve kuti ndi poizoni. Mpaka chimanga chitamera, ndinkadzera kumeneko ndisanapite kusukulu, njinga n'kuitsamiritsa pa bulugama, ine n'kumaponya miyala.